ZA KUPWETEKA KWA M'MIMBA KOSATHA

Poyendera akristu m'midzi tikomana kawiri kawiri ndi anthu amene m'mimba mwao mwapweteka miyezi yambiri, ena zaka. Munthu wotere sagona pamphasa monga wa malungo. Ayenda, alima pang'ono, afika ku mapemphero, koma nsima aidya mwamantha, ndipo malaya ace ayamba kumkulira. Anapita ku cipatala kamodzi, namwa mankhwala, osacira, ndipo anauza abale kuti madotolo sanaone kanthu. Pamenepo abalewo ayamba kunong'onezana kuti anamdyetsa ku mowa kapena ku maliro, nayamba kuchula maina. Taona mabanja alikupasuka ndi mau amenewa, wodwalayo alikuondabe. Cifukwa cace tifuna kulongosola kuti nthenda imene sinadziwike pa ulendo woyamba siiri nthenda yopanda dzina.

M'mimba muli ziwalo zambiri, cifu, matumbo ang'ono ndi akuru, ciwindi, ndulu ndi kapamba, ndipo zonsezi zikadwala zilira ndi liu limodzi, ndilo kupweteka. Kwathu kuno zoyamba kuziganizira ndizo njoka za m'mimba, kamwazi ndi likodzo. Ambiri adziwa likodzo la mwazi m'mkodzo, koma liripo lina lokhala m'mitsempha ya matumbo. Tizirombo tace tituruka m'nkhono za m'nyanja, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, tiboola khungu la wosamba kapena wocapa, ndipo patapita zaka tiononga ciwindi ndi kutupitsa kapamba. Theodor Bilharz anapeza tizirombo ta likodzo ku Cairo m'caka ca 1851, ndipo lero mankhwala ace, praziquantel, apezeka m'zipatala zathu. Naco cifuwa cacikuru cikhoza kukhala m'matumbo, munthu osatsokomola, makamaka mwa iye amene HIV yafoketsa thupi lace. Ndipo cicizika ndi mankhwala a miyezi 6.

Za zilonda za m'cifu, madotolo eni ace anaganiza zaka zambiri kuti zidza ndi nkhawa ndi zakudya zowawa. Koma m'caka ca 1982 madotolo awiri a ku Perth, m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kacirombo kokhala m'cifu, dzina lace Helicobacter pylori, kamene kacititsa zilonda zambiri. Ndipo m'caka ca 1932 Burrill Crohn wa ku New York, pamodzi ndi anzace, analongosola nthenda ina yotupitsa matumbo, imene ibwera, nileka, nibweranso. Nthenda zimenezi zinalipo kale lomwe, anthu analikufa nazo, dzina lokha ndilo linacedwa. Khansa ya m'matumbo akuru iyamba ngati kanthu kakang'ono, ndipo ikapezeka msanga dotolo akhoza kuicotsa. Kulinso kupweteka kwina kumene matumbo alibe bala konse; kusautsa ndithu, koma sikupha. Kusiyanitsa zonsezi sikutheka ndi maso okha.

Tsono zizindikiro zimene siziyenera kudikira kukolola kapena kugulitsa fodya ndi izi: mwazi m'cimbudzi, kapena cimbudzi cakuda bii ngati phula la pamseu, kuonda popanda njala, kusanza kosaleka, kutsegula m'mimba kopitirira masabata awiri, mimba yotupa kapena cotupa cogwirika ndi dzanja, zikhato ndi m'maso kuyera, kupweteka kodzutsa munthu usiku. Koma mimba ikauma gwa ngati thabwa ndi ululu waukuru, ulendo ndi wa tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Pofika kwa dotolo nenani zonse: kuti kunayamba liti, kupweteka pati, musanadye kapena mutadya, ndi maonekedwe a cimbudzi. Tidziwa kuti mwambo wathu suchula zimenezi pamaso pa mlendo, koma manyazi sacotsa nthenda. Nenaninso mankhwala onse amene mwamwa, a zitsamba ndi a m'sitolo omwe. Pakuti aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu agula kuti aphe ululu, akhoza kukulitsa cilonda ca m'cifu ndi kucitulutsa mwazi. Lolani ayese cimbudzi, mkodzo ndi mwazi, ayesenso HIV. Mazira a tizirombo saoneka masiku onse, cotero kuyesa kamodzi sikutsiriza mlandu. Mankhwala akatha inu osacira, bwererani ndi kabuku kanu ka ku cipatala komweko, osagula kena, kuti dotolo aone zimene zinayesedwa kale. Zikakanika pamenepo, pemphani kalata ya ku cipatala ca boma lanu. Ndipo m'zipatala zazikuru, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ali ndi cipangizo ca nyali coonera m'kati mwa cifu ndi matumbo. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Alipo ena amene ati kubwerera ku cipatala ndiko kucepa kwa cikhulupiriro. Iai, abale. Paulo, amene odwala anacira ndi manja ace, anali naye Timoteo wobvutika m'mimba kawiri kawiri. Sanamtsutse za cikhulupiriro, sanafunefune mfiti, koma anamlangiza za cakumwa cace monga mwa nzeru za masiku aja. Mfumu Hezekiya inapemphera ndi misozi, Mulungu naimva; komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa cironda cace. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana, ndipo munthu wokuuzani kuti mutaye mankhwala cifukwa wakupemphererani asenza mlandu wa moyo wanu.

Mau otsiriza tinena kwa akuru a mpingo ndi amai. Ambiri aleka pa ulendo woyamba si cifukwa ca kuuma mtima, koma ndalama ya ulendo yatha, ndipo palibe wowadikirira ku cipatala. Mutu umodzi susenza denga. Sonkhani ya ulendo, sankhani womperekeza, limirani munda wace, ndipo letsani kuchula maina a anthu osalakwa. Sabata lino funsani m'mudzi mwanu amene waleka kudya bwino, mumfunse kabuku kace, ndi kupangana naye tsiku la kubwerera.