Chimfine Chikabuka Pasukulu, Mwana Wodwala Akhale Pakhomo

Mu Okutobala 1918 matenda a fuluwenza anafika ku Bulawayo pa sitima yochokera ku South Africa. M'masabata ochepa anali atalowa m'makomboni a migodi, momwe amuna ambiri, ena ochokera ku Nyasaland, ankagona mothithikana. Ambiri anamwalira, ndipo amene anathawa m'migodi anakafikitsa matendawo kumidzi.

Masiku ano chimfine champhamvuchi chimakonda kufala m'kalasi chisanafike kukomboni. Mu 2009, chaka chimene bungwe la WHO linalengeza za mliri wa chimfine cha H1N1, ena mwa oyamba kupezeka nacho mu Zimbabwe anali ana asukulu a ku Mutare, m'mwezi wa Ogasiti. Mliriwo unatha mu 2010, koma kachirombo kake kadakalipo. Kamabwera pamodzi ndi tizirombo tina ta chimfine m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene ana ali pa teremu yachiwiri ndipo mazenera a m'kalasi ndi a m'kombi amakhala otseka chifukwa cha chisanu.

Kodi chimafala bwanji?

Wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, timadontho ta malovu ndi mamina timauluka n'kulowa m'mphuno mwa mnzake. Tina timagwera pa desiki, pa kapu kapena m'manja. Amene watenga kachiromboka amayamba kudwala pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 4: thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu ndi m'thupi monse mumawawa, chifuwa n'kuyamba. Ana amapatsira anzawo kwa masiku ambiri kuposa akuluakulu.

Makolo ambirife timati, "Ndi chimfine chabe, nyamuka ungaphonye mayeso." Tikumvetsa: fizi inalipidwa movutikira, bambo ali pa shifiti, mayi ali kumsika. Koma mwana amene watentha thupi saphunzira kanthu, amangogona pa desiki n'kupatsira anzake, ndipo aliyense wa iwo madzulo amapita nacho kwawo. Mwanayo akhale pakhomo mpaka patadutsa maola 24 thupi litazizira lokha, osati chifukwa cha mankhwala. Adziwitseni aphunzitsi ake, kuti akaona ana ambiri akujomba auze achipatala msanga.

Inu abambo a mumgodi, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Mapapo amene apuma fumbi la miyala kwa zaka zambiri, kapena amene anadwalapo TB, sapirira chimfine. Mwana wa zaka 10 angachire pasabata imodzi, pamene inu chimfine chomwecho chingakubweretsereni chibayo. Chimodzimodzinso amene ali ndi HIV, amayi oyembekezera, agogo ndi makanda. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, wodwalayo agone payekha pafupi ndi zenera lotsegula pang'ono, atafunda bwino, ndipo akhale ndi kapu yakeyake.

Madzi mu Bulawayo amavuta, mipopi imatha masiku ili youma. Komabe kusamba m'manja sikufuna madzi ambiri. Kagaloni kobowola komangirira pamtengo, kamene kumudzi timati mpondagiya, ndi kachidutswa ka sopo n'zokwanira pakhomo ngakhale pasukulu. Pa nsima, tileke kusamba tonse m'beseni limodzi. Wina azithirira anzake. Aphunzitseni ana kutsokomolera mkati mwa chigongono, osati m'manja.

Nanga mankhwala?

Mpatseni mwana madzi ndi phala pafupipafupi, komanso panado pa mlingo woyenera msinkhu wake. Musamupatse asipirini, chifukwa kwa mwana wa chimfine angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo. Makapisozi ogula pamsika, monga amoxicillin, sapha kachirombo ka chimfine, amangokutherani ndalama. Katemera wa chimfine alipo ndipo amabayidwa chaka chilichonse nyengo yozizira isanayambe. Funsani kuchipatala cha pamgodi ngati mungamupeze.

Musadikire kuti kuche ngati mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati popuma, milomo yasintha mtundu, akukana kumwa kapena kuyamwa, wakomoka, kapena thupi latenthanso pambuyo pooneka ngati wachira. Thamangirani naye kukiliniki ya pamgodi kapena ya khonsolo imene muli nayo pafupi. Akaona kuti matenda akula, adzamutumiza ku Mpilo kapena ku United Bulawayo Hospitals. Musaiwale kutenga khadi lake lachipatala.