Minsi iwiri mumtondo umodzi

Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti mtondo umalira mosiyana akamasinja mayi mmodzi ndi akamasinja awiri. Mmodzi akakhala yekha, munsi umagunda, kenako pamakhala kampata pamene akuukweza, ndiye ugundanso. Wachiwiri akabwera ndi munsi wake amalowa m'kampata komweko: wina akamakweza, mnzake akutsitsa. Palibe amene wafulumiza manja, koma munthu wodutsa panjira amamva kugunda kowirikiza kawiri. Kabokosi ka gitala kotchedwa octave fuzz ndinakamvetsa tsiku limene ndinakumbukira mtondo wa kwa agogo ku Mkanda.

Amene anandilowetsa m'nkhaniyi ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe amaimba gitala m'gulu la achinyamata a kutchalitchi ku Kamwendo. Anapeza pafoni nyimbo za Zamrock, za ku Zambia za m'ma 1970, za Paul Ngozi ndi Ngozi Family, za WITCH ndi za Amanaz. Kwa ife a ku Mchinji nyimbozi si zachilendo. Ukangodutsa pachipata cha Mwami wafika kale m'dera la Chipata, ndipo wailesi ya bambo anga inkagwira Zambia bwino lomwe. Mnyamatayu anakopeka ndi gitala yolira ngati mavu otsekeredwa mumtsuko. Pofufuzafufuza anakafika pa Jimi Hendrix ndi nyimbo yake ya Purple Haze ya 1967, mmene gitala imalira ngati pali ina yaing'ono ikuitsatira pamwamba. Anabwera nati, "Malume, inu mumadziwa kuwotcherera mawaya. Chimenechi sitingapange?"

Tiyambe ndi fuzz, chifukwa ndiyo yosavuta. Nsambo ikamanjenjemera, maginito a pagitala amatulutsa timagetsi tochepa kwambiri toyenda ngati funde, kukwera ndi kutsika. Ma transistor amalikulitsa fundelo. Koma batire ya mavoti 9 ili ndi malire ake, ndipo ukalikulitsa mopitirira, nsonga zake zimadulidwa n'kukhala zafulati. Zili ngati wogulitsa mtedza pamsika wa Kamwendo: athira m'ndowa mpaka kupanga kaphiri, kenako asesa pamwamba ndi dzanja. Kaya kaphiriko kanali kakakulu kapena kakang'ono, zotsala ndi mulingo wa ndowa. N'chifukwa chake gitala ya fuzz imalira mosasa, ndipo liwu lake limakhalitsa osafooka msanga: nsambo ikuchepa mphamvu, koma ndowa idakali yodzaza.

Octave ndi mawu amene wakwaya aliyense amawadziwa ngakhale sanawatchulepo. Abambo akaimba do wawo, amayi n'kuimba do yemweyo koma wapamwamba, mtunda wapakatipo ndiwo octave. M'manambala ndi kuwirikiza kawiri basi. Nsambo yachisanu ya gitala, ya A, imanjenjemera ka 110 pasekondi. A wapamwamba pake ndi ka 220. Ndiye funso n'lakuti, kabokosi kopanda nzeru kangawirikize bwanji kunjenjemera kwa nsambo imene sikanaikhudze?

Apa ndi pamene mtondo uja ukubwerera. Funde la gitala lili ngati mayi mmodzi: theka la nthawi munsi ukutsika, theka lina ukukwera osagunda kanthu. Kabokosika kamaitana mayi wachiwiri. Transistor imodzi, yokhala ndi ma resistor awiri ofanana, wina kumwamba wina kunsi, imatulutsa mafunde awiri ofanana msinkhu koma otembenukirana: lina likakwera, linzake latsika. Funde lililonse limadutsa pa diode yake. Diode ili ngati valavu ya tayala la njinga, imalola kupita mbali imodzi yokha, choncho iliyonse imadutsitsa kugunda kokha n'kutsekera kukweza. Mukawaphatikiza pawaya mmodzi, pamene panali kugunda kumodzi pakhala kuwiri.

Okonza mawailesi pa Boma nzeru imeneyi amaigwira tsiku ndi tsiku, kungoti amaitcha rectifier. Magetsi a ESCOM amasinthasintha ka 50 pasekondi. Akadutsa pa ma diode a mu ampulifaya amasanduka kugunda 100. Capacitor yaikulu ikauma, sipika imayamba kung'ung'udza, ndipo kung'ung'udzako kumakhala octave imodzi pamwamba pa magetsi a pakhoma. Roger Mayer, katswiri wa zamagetsi wa ku England amene anapangira Hendrix kabokosi kotchedwa Octavia, anatenga chinthu chimene okonza mawailesi amalimbana nacho kuti chisamveke, n'kuchisandutsa choimbira. Zimenezi zimandisangalatsa mpaka lero.

Njira zopangira zilipo zingapo. Octavia imene kampani ya Tycobrahe inkagulitsa m'ma 1970 imagwiritsa ntchito kathiransifoma kakang'ono popanga mafunde awiri aja. Ife tinasankha ya Dan Armstrong yotchedwa Green Ringer, ya ma transistor atatu ndi ma diode awiri, yopanda thiransifoma, ndipo kutsogolo kwake tinaikako fuzz wamba ya ma transistor awiri. Zipangizo zambiri tinazula m'mawailesi akufa amene wokonza wina anatigulitsa motchipa. Bolodi la timabowo lokha ndi switchi yoponda ndi phazi n'zimene zinachokera ku Lilongwe.

Tsiku loyamba kabokosi kanali zii. Apa munthu amafuna kumasula zonse n'kuyambiranso, koma mlimi wa kudimba satero. Madzi akapanda kufika pabedi lomaliza, amayenda m'mbali mwa ngalande kuchokera kuchitsime, kuyang'ana pamene chinyezi chathera. Ifenso tinayamba kuyeza batire ndi mita, kenako tinatenga chingwe chopita ku ampulifaya, n'kumangirira capacitor yaing'ono kunsonga kwake, waya winayo n'kulumikiza ku nethi, kapena kuti ground. Mnyamata uja akukhwacha nsambo, ine ndinkagusa mwendo uliwonse motsatana. Polowera gitala inkamveka. Pa transistor yoyamba inkalowa koma osatuluka. Ngalande inali itatsekeka pamenepo.

Vuto linali miyendo. Transistor iliyonse ili ndi miyendo itatu, E, B ndi C, koma opanga sanagwirizane za kandandalikidwe kake. Mukaiyang'ana kumbali yafulati miyendo ili pansi, 2N3904 ya ku America imayenda E, B, C. BC547 ya ku Ulaya imayenda C, B, E. Pomwe C945 ndi C1815, zimene zadzaza m'mawailesi ochokera ku Asia, zimayenda E, C, B. Chithunzi chimene tinkatsatira chinali cha za ku America, pamene m'manja mwathu munali ma C945. Tinapinda miyendo iwiri kuti ipingasane, wina titauveka kachikopa ka waya kuti isakhudzane, ndipo sipika inabangula. Ndikanati ndilangize munthu chinthu chimodzi chokha asanayatse chowotcherera, ndi chimenechi: aone kaye miyendo ya transistor imene ali nayo, osati ya pachithunzi. Aonenso mfundo zake za mtovu. Yabwino imanyezimira ndipo imakumbatira mwendo. Yotuwa, yobulungira ngati njere ya nandolo, imagwira lero mawa n'kusiya.

Vuto lachiwiri ndi limene linandiphunzitsa zambiri. Fuzz inalipo, yaukali ndithu, koma liwu lapamwamba lija silinkamveka. Tinazula ma diode awiri aja n'kuwayeza. Imodzi inasonyeza mavoti pafupifupi 0.3, inzake 0.6. Ndinali nditasakaniza: yoyamba inali ya germanium, yochokera mu wailesi yakale, yachiwiri ya silicon. Tangoganizani mayi wamphamvu akusinja ndi mwana wa zaka 8. Minsi ilipo iwiri, koma wina ukuti "phu" winawo "pe", ndipo khutu limangowerenga wamphamvuyo. Kugunda sikunawirikize, kwangotsimphina. Octave imamveka pokhapokha mbali ziwirizo zikafanana, ma diode komanso ma resistor awiri aja. Tinakhuthula ma diode onse a germanium pa nyuzipepala, n'kuwayeza imodziimodzi mpaka tinapeza awiri oyandikana. Ndimakonda germanium chifukwa imatseguka ndi mphamvu yochepa, motero liwu limazilala pang'onopang'ono. Silicon imakonda kulidula mwadzidzidzi nsambo ikangofooka.

Zotsalazo zinali zazing'ono. Zipangizo zili m'kabokosi kapulasitiki, kung'ung'udza kunachuluka, ndipo madzulo ena mawu a wailesi ankamveka chapansipansi mu sipika. Fuzz imakulitsa chilichonse chimene yatola. Tinasamutsira zonse m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchilumikiza ku nethi, ndipo phokoso linatha. Adaputala yotchipa ya pamsika inalibweretsanso, choncho tinabwerera ku batire.

Patatha sabata mnyamata uja anabwera nkhope ili khwinya. "Malume, chawonongekanso. Ndikamenya kodi chikumveka ngati malata akugwa." Sichinawonongeke. Nsambo zitatu zikalira pamodzi, ma diode amazisakaniza n'kubala mawu ena amene palibe anawaimba, ena apamwamba ena apansi, osagwirizana ndi nyimbo. Ndi amayi asanu ozungulira mtondo umodzi, aliyense ndi liwiro lake, minsi imangowombana. Kabokosika kamafuna liwu limodzi loyera. Ndinamuuza asankhe maginito a kufupi ndi khosi la gitala, atsitse toni, aimbe nsambo imodziimodzi chapakati pa khosi, pafupi ndi fureti ya 12, pamene liwu la nsambo limakhala losalala. Ndinamuuzanso zoona zake, kuti m'nyimbo zambiri za kwathu, mmene gitala imayenda ndi makodi kuperekeza kwaya, kabokosika kazikhala kozimitsa, n'kudikira kamphindi kake.

Anakhala pakhonde, chitini chili pansi pa phazi, n'kuponda. Anakoka liwu limodzi n'kuligwira. Pamwamba pake panatuluka lina lowonda, lakuthwa, likuyenda nalo limodzi. Mayi ake, amene ankapeta chimanga kuseri kwa nyumba, anatulukira lichero lili m'manja, n'kufunsa kuti mnzake woimba naye wafika nthawi yanji.