Phwando la Pamsewu: Safunsa Adadya Phula

Nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira, kapena tsiku lokumbukira ufulu umene tidalandira pa 6 Julaye 1964, mabanja ena m'madera monga Kawale ndi Ndirande amasonkherana ndalama kuti adyere pamodzi. Popeza mabwalo a nyumba za m'tauni ndi opanikizika, maso onse amagwera pa kamsewu kodutsa pakati pa nyumbazo.

Tidazoloŵera kuti pakagwa maliro anthu amayala nthambi pamsewu, ndipo oyendetsa galimoto amachepetsa liŵiro popanda wowauza. Ulemu umenewo ndi wa zovuta zogwa mwadzidzidzi. Phwando lili ndi tsiku lodziŵika nthaŵi ikadalipo, motero eni ake alibe chifukwa cholephera kupempha.

Oyamba kupemphedwa ndi anansi, khomo ndi khomo, osadumpha a mpingo wina kapena a chipembedzo china. M'nyumba ina muli wodwala. Mwina muli namwino amene wachezera ntchito usiku wonse, kapena mwana amene akukonzekera mayeso. Ameneŵa akauzidwa ndi kuitanidwa, amalolera ndi mtima woyera. Koma akangodzidzimukira zimkuzamawu pawindo, udani umene ungabadwe udzatha chaka, pamene mpunga udatha tsiku limodzi.

Anansi akavomera, akulu aŵiri apite kwa mfumu ya deralo. Pambuyo pake alembe kalata ku khonsolo ya mzinda, pakuti lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yoika malamulo a m'madera awo. Kalatayo itchule tsiku, ola loyambira ndi lomalizira, msewu wake, chiŵerengero cha anthu, ndiponso njira ina imene galimoto zingalambalalire. Ina yofanana nayo ipite kwa apolisi a pamsewu. Za msewu waukulu monga M1 musaziganizire nkomwe.

Tsikulo likafika, siyani mpata woti ambulansi ingadutse. Nthambo ya magetsi isayalidwe pansi pamene ana akuthamangapo, makamaka mu Disembala mvula ili pakati. Nyimbo zileke pa ola limene mudalonjeza.

Inu achinyamata, tsache ndi lanu: msewu ukhale woyera dzuŵa lisanaloŵe. Inunso makolo, popita kwa mfumu ndi kukhonsolo tengani mnyamata kapena mtsikana mmodzi, aone ndi maso ake mmene chinthu cha anthu onse amachibwerekera ndi kuchibweza.