Ndowa ya Madzi Pakhomo la Tchalitchi ku Euthini

Ku Euthini, m'dera la Inkosi Chindi m'boma la Mzimba, tsiku la Sabata ndilo limasonkhanitsa anthu a midzi yotalikirana. Ena amapita ku mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Livingstonia, ena ku parishi ya Katolika ya Mzambazi. Kumeneko amapatsana moni wa m'manja, amakhala mothithikana pa mabenchi, ndipo amayimba pamodzi. Zizoloŵezi zitatu zimenezi ndizo zinasanduka zoopsa pamene mliri wa Covid-19 unabuka.

Pa 20 Marichi 2020 asanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe, Boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Odwala oyamba m'Malaŵi anapezeka pa 2 Epulo chaka chomwecho. Ku Mzimba nkhaŵa inali yaikulu chifukwa mabanja ambiri ali ndi abale ku Joni, kumene nthendayi inali itafala kale, ndipo ambiri a iwo anali kubwerera kwawo pa mabasi. Mu Januwale 2021 mliriwo unakula koposa, nupha nduna ziŵiri za Boma tsiku limodzi, ndipo chiŵerengero chololedwa pa msonkhano chinatsitsidwa kufika pa anthu 50. Okalamba ambiri anayamba kupempherera kunyumba.

Kuti anthu abwererenso m'nyumba zopemphereramo, panafunika kusintha makhalidwe. Pakhomo panaikidwa ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo aliyense anayenera kusamba m'manja asanaloŵe. Moni wa m'manja unalekeka; m'malo mwake anthu anali kuŵerama kapena kuwomba m'manja mwaulemu. Amayi odziŵa kusoka anasoka zotsekera pakamwa ndi pamphuno za nsalu ya chitenje. Kumene mpingo unali waukulu, mapemphero anagaŵidwa kaŵiri kapena katatu kuti pakhale mpata wa mita imodzi pakati pa munthu ndi mnzake.

Malangizo ameneŵa anali ndi zifukwa zake. Kachilombo ka nthendayi kamatuluka m'timadontho ta malovu pamene munthu akutsokomola, kulankhula kapena kuyimba, ndipo woyimba mokweza amatulutsa timadontho tambiri. M'nyumba yotseka mazenera timadonthoto timatha kukhalitsa mumpweya. Ndiponso munthu angathe kupatsira ena iye mwini asanamve kudwala. Nchifukwa chake kutsekula mazenera onse, kapena kupempherera pansi pa mtengo, kunali chitetezo chachikulu chosalira ndalama, makamaka kwa okalamba ndi odwala shuga kapena nthenda ya kuthamanga kwa magazi.

Katemera woyamba anafika m'dziko muno pa 5 Marichi 2021, ndipo mu Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti nyengo ya ngozi yatha. Lero matchalitchi akudzaza monga kale, ndipo moni wa m'manja unabwerera.

Chimene sichiyenera kuchoka ndi ndowa ija. Kolera imene inabuka mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi, ndipo imayenda ndi manja osasamba, madzi oipa ndi chakudya chosasamalika, makamaka pa maliro, pa maukwati ndi pa misonkhano ikuluikulu ya mpingo. Chifuŵa chachikulu nacho chimafala m'nyumba zosaloŵa mpweya. Choncho mpingo wosamala anthu ake usankhe munthu wotunga madzi ndi kuona kuti sopo alipo Sabata lililonse, ndipo chimbudzi cha pa tchalitchi chikhale chovindikira. Amene watsokomola kwa milungu iŵiri, kapena akutsekula m'mimba, ayambe wapita kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake asanakakhale pa benchi limodzi ndi anzake.