Kukwirira maenje a miyala ndi njerwa: zinyalala si dothi

Maenje otsala pokumba miyala, monga m'dera la Njuli, kapena poumba njerwa, amadzaza madzi m'nyengo ya dzinja. Udzudzu umaswana m'menemo, ndipo ana ndi ziweto amatha kumiramo.

Maenje oterewa amakwiriridwa ndi zinthu zosaola zochokera kwina: dothi lofukulidwa polambula misewu, miyala, zidutswa za njerwa ndi za konkire. Zinyalala za pamsika n'zosayenera chifukwa zikaola nthaka imatitimira, pomwe mabatire akutha amaipitsa madzi a m'zitsime.

Dothilo lithiridwe pang'onopang'ono uku likutsenderedwa, kenaka pamwamba payalidwe nthaka yachonde yobzalapo vetiva ndi mitengo. Malinga ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017, wowononga malo ndiye ayenera kulipira ntchito yowakonzanso.