Kumvana kaye pulogalamu isanalembedwe

Ambiri a ife timafufuza nyimbo kapena kuwerenga phunziro la Sukulu ya Sabata pafoni. Ena tili ndi Android, ena iPhone, koma tonse timayembekezera kuti pulogalamu igwire ntchito mofanana. Zida monga Flutter ya Google ndi React Native yomwe inayambitsidwa ndi Facebook zimathandiza akatswiri kulemba pulogalamu imodzi yoyenda pamitundu yonse iwiri. Vuto limatsala pa anthu: mwini ntchito akanena kuti "nyimbo zizipezeka mosavuta", aliyense m'gululo amamva zake.

Njira yotchedwa Behavior Driven Development, mwachidule BDD, imalimbana ndi vutoli. Dan North anaifotokoza m'nkhani yake ya mu 2006. Mfundo yake ndi yakuti woimira ogwiritsa ntchito, wolemba pulogalamu ndi woiyesa akhale pamodzi ntchito isanayambe, nagwirizane pazitsanzo zolembedwa m'mawu wamba. Chitsanzo chilichonse chimakhala ndi magawo atatu, omwe pa Chingerezi amati Given, When, Then. Tiyerekeze pulogalamu ya nyimbo:

Poyambira: foni ilibe intaneti, koma nyimbo zinasungidwamo kale.
Chochitika: munthu walemba nambala 25.
Zotsatira: nyimbo nambala 25 yaoneka yonse.

Taonani kuti sitinatchule batani lililonse. Android ili ndi njira yakeyake yobwererera m'mbuyo, iPhone nayonso yake, choncho chitsanzo chimangonena zimene munthu ayenera kupeza. Kenaka chida chotchedwa Cucumber chimawerenga mizereyi, ndipo china, Appium, chimadina pafoni zonse ziwiri ngati munthu. Nyimbo ikaoneka pa iPhone nkukanika pa Android, gulu limadziwa pulogalamuyo isanafike m'manja mwa anthu.

Ife ophunzira zauphunzitsi izi sizachilendo. Tisanalowe m'kalasi timalemba zizindikiro za kakhozedwe, zonena zimene wophunzira adzathe kuchita, ndipo mayeso amachokera pomwepo.

Njirayi imadya nthawi poyamba, ndipo siipindula ngati mwini ntchito sabwera pazokambirana. Choncho mpingo kapena sukulu ikafuna kupangitsa pulogalamu ya zopereka kapena ya zotsatira za mayeso, tisangolipira nkudikira. Tikhale pansi ndi akatswiriwo, tiwauze zomwe ziyenera kuchitika netiweki ikaduka ndalama zili m'njira, ndipo yankho lilembedwe.