Mpanda wa kunyanja ukuteteza yani?

Mwezi watha ndinapita ku Mangochi kukapikula usipa. Podikira asodzi, ndinati ndiwongoleko miyendo mumchenga. Sindinapite patali. Mlonda wa pa koteji ina anatulukira, chibonga kumanja.

"Achimwene, kuno sikodutsa. Mwataya chiyani?"

Ndisanayankhe n'komwe, azungu awiri anadutsa pomwepo. Mlonda uja anawapatsa moni mwaulemu, chipewa m'manja. Iwo sanafunsidwe chimene ataya.

Mlondayo sindikumuda ayi, akusaka ya ufa. Koma abale anzanga, anatiphunzitsa ndani kuti munthu wakuda akayandikira nyumba yokongola ndiye kuti ndi mbala?

Nkhaniyi ndi yakale. Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ngati linga la asilikali a atsamunda, dzina lake Fort Johnston. Ngakhale liwu loti boma poyamba linkatanthauza mpanda: mzungu m'kati, ife kunja. Ku Blantyre zinali chimodzimodzi. Azungu ku Mandala ndi ku Sunnyside, amwenye pafupi ndi masitolo awo, ife ku Ndirande. Ufulu unabwera mu 1964, koma kusankhana malo okhala sikunathe. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linachotsa amwenye m'madera akumidzi n'kuwaunjika m'mizinda ikuluikulu. Mpaka lero munthu akati amakhala kumayadi timamuyesa wolongosoka, akati ku Ndirande timagwira thumba.

Tsono yendani kuchokera pa Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay. M'malo ambiri nyanja yabisika kuseri kwa mipanda ya mahotela ndi makoteji. Chondiwawa n'chakuti ambiri mwa eni makotejiwo tsopano ndi akuda anzathu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mzungu anachoka, mantha ake anatisiyira. Mayi amene agogo ake ankachapa padooko lomwelo lero amazungulira mtunda, ndowa pamutu. Msodzi akusowa pokocheza bwato ndi poyanika usipa.

Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Kumudziko kuli akuba." Akuba alipo, sindikukana, monganso aliko kumayadi, ena ovala taye. Koma tadzifunsani. Bwana akabwerera kutauni miyezi itatu, amasunga nyumbayo ndani? Mlonda, khukhi ndi wosamala maluwa, onsewo ochokera m'mudzi womwe akuuopawo. Moto ukabuka usiku kapena mwana wa bwana akayamba kumira, wothamangira ndi mnansi wa kuseri kwa mpanda, osati wapolisi wa kuboma.

Anthu a ku Mangochi akuudziwa bwino ululu woganiziridwa zoipa. Anyamata awo ambiri ali ku Joni. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo kumeneko anamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba, akunenedwa kuti ndiwo abweretsa umbanda. Mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Tinalira kuti akutiweruza poona nkhope. Nanga bwanji kwathu konkuno tikuchitirana zomwezo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa kwa mafumu ndi a khonsolo ndi laling'ono. Pogawa malo a m'mbali mwa nyanja, siyani njira zotakata pakati pa mipanda, ndipo mchenga ukhale wa tonse. Mangani mpanda kuzungulira nyumba yanu ngati mufuna, koma nyanja munaipeza.